Sickle cell sachokera kuchikazi kokha: yankho kwa aphunzitsi a ku Namwera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera cha ku Namwera. Dzina lawo ndalisunga, ndipo kalatayo ndaifupikitsa:

"Mng'ono wanga ali ndi ana atatu. Wachiwiri, mnyamata wa zaka zinayi, wakhala akugonekedwa m'chipatala pafupipafupi, ndipo amuthirapo magazi kawiri. Mwezi wathawu atiuza kuti ali ndi sickle cell. Akuchimuna akuti kwawo nthendayi kulibe, ndiye kuti yachokera kwathu, ndipo ayamba kunong'oneza alamu anga kuti akapeze mkazi wina. Ine ndimaphunzitsa Chichewa, za Biology ndinazisiya kalekale. Ndaona pa Facebook kuti azungu apeza njira yochiza posintha DNA. Kodi ndi zoona, nanga tingaipeze bwanji? Ochita kafukufuku akadzafuna magazi a mwanayu, tivomere? Ndiuzeni zoti ndikanene ankhoswe akadzakumana."

Aphunzitsi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matendawa. Ndiyamba ndi nkhani ya ankhoswe, poti ndi imene ingapasule banja mwezi uno usanathe.

Mwana sangadwale sickle cell ngati sanatengere kwa makolo onse awiri. Mayi yekha sangampatse nthendayi, bambo yekhanso sangampatse. Zimenezi si maganizo anga, ndi mmene chibadwa chimayendera. M'magazi mwathu muli chinthu chofiira chotchedwa hemoglobin, chimene chimanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita nawo m'thupi lonse. Malangizo opangira mbali ina ya hemoglobin ali pa gene yotchedwa HBB, pa chromosome 11, ndipo munthu aliyense ali ndi makope awiri a gene imeneyi, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Kope lozolowereka amalitcha A, losinthika amalitcha S. Wa AA alibe vuto. Wa AS nayenso kawirikawiri sadwala: amalima, amapalasa bwato, amasenza matumba a usipa, amakalamba osadziwa kuti ali ndi S. Wodwala ndi wa SS, amene walandira S kuno ndi S uko.

Ndiye akuchimuna akamati "kwathu kulibe", mwina sakunama dala. Akunena zimene aona ndi maso. Koma S imatha kuyenda mobisala m'mtundu kwa mibadwo ingapo, mpaka tsiku limene wa AS adzakwatire mnzake wa AS. Ngakhale apo, si mwana aliyense amene amadwala. Pa mimba iliyonse, mwayi woti mwana abadwe SS ndi umodzi mwa inayi, woti abadwe AS ndi iwiri mwa inayi, woti abadwe AA ndi umodzi mwa inayi. Mawu oti "pa mimba iliyonse" muwagwiritsitse, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Amaganiza kuti mwana mmodzi akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Ayi, mimba iliyonse imayamba payokha, siikumbuka ya m'mbuyo. Banja lina limabereka ana awiri odwala motsatizana, pamene mwa mabanja oterewa amene ali ndi ana anayi, pafupifupi limodzi mwa atatu silidzaona mwana wodwala ngakhale mmodzi. Muwerengetse nokha: 3/4 kuchulukitsa kanayi ndi 81/256. Mabanja amenewa ndi amene amalumbira kuti kwawo kulibe.

Palinso china chimene ndingafunse akuluakulu akuchimuna, mwaulemu ndithu. Kodi m'mbuyomu kunalibe ana omwalira asanafike zaka zisanu, omwe ankati atha magazi, atupa kapamba, kapena awalodza? Ana ambiri a SS kuno ku Africa ankamwalira, ndipo akumwalirabe, asanayezedwe n'komwe. Pamaliro timangoti malungo.

Za mkazi wina ndinene mosapsatira. Alamu anu akachoka, S yawo apita nayo. Kafukufuku wina amene anayeza magazi a ana ang'onoang'ono oposa 1,000 m'dziko muno, n'kufalitsidwa mu 2018, anapeza kuti ana pafupifupi 9 mwa 100 alionse ali ndi AS. Mkazi watsopanoyo akhoza kukhala mmodzi mwa amenewa, ndipo pankhope sizioneka. Kuno kwathu, kumene ana amawerengedwa a kuchikazi ndipo mkamwini amatha kunyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, n'kosavuta kuti chilichonse choipa cha mwana chigwere mayi. Ndi momwenso amachitira ndi amayi obereka ana achialubino, pamene nawonso ualubino umafuna makolo onse awiri mofanana ndendende.

Koma chenjezo limodzi. Musakaumirize kuti alamu anu ayezedwe n'cholinga chokawachititsa manyazi pabwalo. Kuyeza kwina, kumene amangoona ngati maselo akupindika pagalasi, sikusiyanitsa AS ndi SS, ndipo nthawi zina kumaphonya. Palinso kusinthika kwina kwa gene yomweyi, monga beta thalassaemia, kumene kukakumana ndi S mwana amadwala chimodzimodzi ngakhale bambo ake alibe S. Zotsatira zikatuluka mosayembekezeka pakati pa anthu okwiya kale, nkhani imasanduka ya "ndiye mwanayu ndi wa yani?" Awiriwo apite okha kuchipatala, akafunse kuyeza kosiyanitsa mitundu ya hemoglobin, kaya electrophoresis kapena tizipangizo toyezera mwachangu monga SickleSCAN ndi HemoTypeSC, ndipo zotsatira awafotokozere ndi wachipatala. Ana ena awiriwo ayezedwenso, makamaka wamng'onoyo. Munthu amene wangothiridwa magazi ayenera kudikira miyezi itatu kapena kuposerapo, chifukwa magazi a mwiniwake amakhala atasakanikirana ndi opatsidwawo.

Mwina pabwalopo wina adzafunsa kuti, ngati S ili yoipa chonchi, bwanji ili ndi anthu ambiri? Yankho ndi malungo. Mu 1954, Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu a AS amatetezeka ku malungo kuposa a AA, ndipo ofufuza obwera pambuyo pake atsimikiza kuti chitetezocho n'chachikulu kwambiri pa malungo aakulu akupha aja. M'madera a udzudzu wambiri, ana a AS ankapulumuka, n'kukula, n'kubereka. Taganizani za makolo athu okhala m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, m'mphepete mwa Shire ndi ku Malombe, kusanabwere maneti ndi LA. S si temberero la banja la uje. Inapulumutsa makolo a mbali zonse ziwiri. Koma musamve molakwa: mwana wa SS alibe chitetezo chimenechi, kwa iye malungo ndi oopsa kuposa kwa mwana wina aliyense.

Zimene zimachitika m'thupi mwa mwanayo ndi izi. Chilembo chimodzi chokha cha DNA, mmene mwalembedwa malangizo a chibadwa aja, chinasinthika, ndipo hemoglobin yake ikatula mpweya imamatirirana, maselo ofiira n'kuuma ndi kupindika ngati mwezi wongooneka kumene. Maselo otere amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndiye ululu wa m'mafupa uja umene umamuliza usiku wonse. Safikanso patali: selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, lopindika limafa pa masiku 10 mpaka 20. Ndi chifukwa chake magazi amachepa, maso amachita chikasu. Khanda limaoneka labwinobwino pobadwa chifukwa limakhala likugwiritsabe ntchito hemoglobin ya m'mimba, kutanthauza imene linali nayo lili m'mimba mwa mayi ake, ndipo imeneyi sipindika. Ikayamba kutha, cha pa miyezi isanu ndi umodzi, ndi pamene timanja ndi timapazi timayamba kutupa. Hemoglobin ya m'mimbayi muikumbukire, chifukwa mankhwala onse awiri amene ndikambe akudalira iyo.

Tsopano za pa Facebook. Ndi zoona, osati mphekesera. Mu 2012, Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa mmene njira yotchedwa CRISPR ingadulire DNA pamalo pamene munthu wasankha, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Mu 2019, mayi wina wa ku Mississippi ku America, Victoria Gray, anakhala woyamba m'dzikolo kulandira chithandizo cha sickle cell chogwiritsa ntchito njirayi. Dziko la Britain linavomereza chithandizochi, chotchedwa Casgevy, mu Novembala 2023, ndipo America inatsatira mu Disembala chaka chomwecho. Chosangalatsa n'chakuti sakonza S yeniyeniyo. Amasokoneza mbali ya gene ina, BCL11A, imene ntchito yake ndi kuzimitsa hemoglobin ya m'mimba mwana akabadwa, ndipo thupi limayambanso kuipanga. Mwa odwala 31 amene zotsatira zawo zinaunikidwa povomereza chithandizochi ku America, 29 anatha chaka chathunthu osagwidwa ndi ululu waukulu uja.

Zimene pa Facebook sananene ndi zotsalazi. Si jakisoni wobaya lero mawa n'kupita kumunda. Amayamba atulutsa maselo opanga magazi m'thupi mwa wodwala, n'kuwatumiza ku labotale kuti akasinthidwe, ntchito ya miyezi. Kenako amampatsa mankhwala amphamvu otchedwa busulfan, ofanana ndi a khansa, ophera mafuta a m'mafupa akale, asanamubwezere m'thupi maselo osinthidwa aja. Wodwala amakhala m'chipinda chotetezedwa kwa masabata angapo alibe chitetezo cha m'thupi, ndipo ambiri amatha kutaya mphamvu yobereka. Pamene chinkavomerezedwa chinali cha azaka 12 kupita m'tsogolo. Wochiritsidwayo akadzabereka, ana ake adzalandirabe S, chifukwa kusinthako kumathera m'magazi mwake. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndalama zoposa K3 biliyoni ngakhale mutawerengera mtengo wa ku banki, osaphatikizapo za chipatala. Ngakhale ku America komweko olandira ndi ochepa.

Choncho aliyense amene angakulembereni pa WhatsApp kuti ali ndi mankhwala osintha DNA, mutumize ndalama pa foni, ndi wakuba. Chimodzimodzi ogulitsa timabotolo "totsuka magazi" pamsika. Njira ina yochiziratu imene yakhalapo kuyambira m'ma 1980 ndi kuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wake wa bere limodzi amene thupi lake likugwirizana ndi la wodwalayo. Ku Tanzania, chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuchita zimenezi mu 2023. Nayonso ndi yodula ndipo ili ndi zoopsa zake, komanso si mwana aliyense ali ndi m'bale wogwirizana naye.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti timathera mphamvu kusirira chinthu cha mabiliyoni, pamene zimene zingamufikitse mwanayu ku sekondale n'zotchipa ndipo zinadziwika kalekale. Mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi nthendayi padziko lonse, ochuluka kwambiri mwa iwo kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Britain ndi ku America ana oposa 9 mwa 10 alionse obadwa nayo amafika pauchikulire, ndipo zimenezi zinatheka CRISPR isanabwere. Chinathandiza ndi kuyeza makanda akangobadwa, penicillin wa tsiku ndi tsiku mpaka zaka zisanu, katemera, ndi makolo odziwa nthawi yothamangira kuchipatala. Kapamba wa mwana wa SS amafooka msanga, ndiye tizilombo toyambitsa chibayo tikhoza kumupha m'maola ochepa. Katemera wa chibayo analowa m'ndondomeko ya dziko lino mu 2011; onani m'buku lake la kusikelo ngati analandira onse.

Funsaninso za hydroxyurea. Ndi kapisozi womwa kamodzi patsiku, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukweza hemoglobin ya m'mimba ija. Kwa nthawi yaitali anthu ankakayika ngati ndi wabwino kwa ana a kuno, kumene kuli malungo ndi kuperewera kwa zakudya. Kafukufuku wotchedwa REACH, wa ana pafupifupi 600 a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, anapeza kuti ululu unachepa, kuthiridwa magazi kunachepa, imfa zinachepa, ndipo ngakhale malungo anachepa. Mankhwalawa si ogula mwachisawawa ku famase, amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti mlingo wake ukhale woyenera. Mng'ono wanu akafunse kuchipatala cha boma ku Mangochi kuti mwanayo alembedwe ku kiliniki yoti azimuona mwezi ndi mwezi, osadikira kuti adwale. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi makiliniki a ana a sickle cell, ndipo kalata yotumizira ndi chinthu choti mukhoza kupempha.

Zapakhomo ndi zodziwika koma zimafuna khama. Agone m'neti usiku uliwonse, ndipo amwe mankhwala oteteza malungo ngati achipatala amupatsa. Amwe madzi ambiri, makamaka dzuwa la Okutobala likafika. Kuzizira nakonso kumadzutsa ululu, ndipo inu a kumtunda ku Namwera mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amachitira. Akapita kunyanja nthawi ya mwera asakhalitse m'madzi. Thupi likangotentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba ndi panado n'kudikira mawa. Akayera manja ndi milomo mwadzidzidzi, mimba n'kutupa kumanzere, kapena akayamba kupuma movutika, kapena mkono kulefuka ndi pakamwa kupotoka, imeneyo ndi nkhani ya usiku womwewo. Mapiritsi a ayironi asamwe popanda uphungu wa dokotala, poti kuchepa kwa magazi kwake si kwa kusowa ayironi, makamaka mwana wothiridwapo kale magazi. Mphini pa kapamba sizichotsa kutupa, zimangotsegulira tizilombo khomo. Ngati banjalo ndi la Chisilamu, akadzakula akakambirane ndi a shehe za kusala m'mwezi wa Ramadan, poti odwala amaloledwa kusasala. Nthawi ya jando ikadzakwana, mdulidwe wake ukachitikire kuchipatala, achipatalawo atauzidwa za nthendayi.

Za kafukufuku, ine ndimati mverani kaye, musakane chifukwa cha mantha, musavomerenso chifukwa cha sopo kapena ndalama ya thiransipoti. Mantha a magazi ndi akale kuno, ndipo tonse tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena akumwera. Koma REACH ija inatheka chifukwa makolo a ku Africa anavomera. Kafukufuku wambiri wa DNA padziko wachitika pa anthu ochokera ku Ulaya, pamene anthu a ku Africa ndi amene DNA yawo ili yosiyanasiyana kuposa ena onse, ndiye zimene zapezeka kwa azungu sizitiyenera nthawi zonse. Akatswiri athu omwe, monga Julie Makani wa ku Muhimbili ku Dar es Salaam, atha zaka zambiri akutsatira odwala sickle cell kuti timve mmene nthendayi imayendera kuno.

Kafukufuku woona amakhala ndi chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya boma kapena COMREC ya ku sukulu ya udokotala imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Pemphani kuona chilolezocho. Chikalata chovomereza chikhale m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo kope lina likhale lanu. Funsani kuti magaziwo akasungidwa kuti, kwa zaka zingati, ngati adzatuluke m'dziko, ngati adzawagwiritse ntchito pa kafukufuku wina, ndiponso ngati zotsatira za mwanayo mudzauzidwe. Funso lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi ili: kafukufuku akatha, mankhwala amene mwana wayamba apitiriza kuwapeza kuti? Mukakana, kapena mukavomera n'kusintha maganizo pakati, chithandizo cha mwana kuchipatala sichiyenera kusintha. Wofufuza amene akwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale.

Mwanena kuti Biology munaisiya kalekale, koma zonse zimene ndafotokoza za A ndi S zili m'maphunziro a sekondale yanu yomweyo. Ana amaloweza za Gregor Mendel ndi nsawawa zake za m'ma 1860, amajambula kabokosi ka magawo anayi, amakhoza MSCE, n'kubwerera kumudzi kukamva azakhali awo akunenedwa kuti ndi amene anabweretsa nthenda, iwo ali chete. Sanauzidwepo kuti kabokosi kaja kakunena za kwawo. Gwirizanani ndi mphunzitsi wa Biology. Tengani timatumba tiwiri, kena ka mayi kena ka bambo, m'kathumba kalikonse muike nyemba imodzi yoyera (A) ndi imodzi yofiira (S). Wophunzira atseke maso, atole imodzi uku, imodzi uko, alembe zimene zatuluka, abwezeremo. Gulu lililonse lichite kanayi, ngati banja la ana anayi. Magulu ena apeza zofiira ziwiri kawiri, ena sazipeza n'komwe, koma mukaphatikiza za kalasi yonse pabolodi ziyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi. Kenako m'kathumba ka bambo muikemo zoyera zokhazokha, muwauze kuti ayesetse kutulutsa zofiira ziwiri. Atola mpaka belu kulira. Nyemba zomwezo mukhoza kupita nazo kwa ankhoswe, ndipo ndingakonde kuti atole ndi manja awo amalume a alamu anuwo. Pa 19 Juni chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira sickle cell padziko lonse, nthawi yabwino yoitanira wazaumoyo kusukulu. Koma musamatchule ana odwala m'kalasi kapena kufunsa kuti kwa ndani kuli nthendayi.

Ophunzira akamvetsa, funso lotsatira limakhala la ukwati, ndipo lidzabweranso m'banja mwanu. Inu nomwe, Aphunzitsi, mukhoza kukhala AS, poti mng'ono wanu anaitenga kwa mmodzi mwa makolo anu. Kayezetseni, ndipo ana anu adzadziwe asanafike pa chinkhoswe. Ukwati wa pachisuweni, umene makolo ankaukonda, umakweza mwayi woti S ikumane ndi S ngati ili kale m'banjamo, ngakhale kuti ana ambiri a SS amabadwa kwa makolo osakhala pachibale. Ine sindigwirizana ndi oti a AS awiri aziletsedwa kukwatirana ndi mpingo, mzikiti kapena amfumu. Lamulo lotere likangobwera, anthu amabisa zotsatira kapena kugula zabodza, ndipo amene amasalidwa amakhala atsikana. Awiriwo ayezetse, amve tanthauzo lake kwa wachipatala, asankhe okha. Akasankha kukwatirana, khanda lililonse aziliyezetsa m'miyezi yoyambirira, kuti ngati lili SS liyambe penicillin lisanafike miyezi itatu, timanja tisanayambe kutupa.